Jakisoni wa Tsiku ndi Tsiku Pakhomo: Mfundo Khumi kwa Wochira ku Opareshoni ya Khansa ndi Omudwazika

Munthu akachitidwa opareshoni yaikulu ya khansa ya m'mimba, ya m'matumbo, ya chiberekero kapena ya chikhodzodzo, nthawi zina amatuluka m'chipatala ndi katundu amene samamuyembekezera: majakisoni oti azibayidwa kamodzi patsiku mpaka masiku 28 atakwana chichitireni opareshoniyo. Mankhwala ake ndi oletsa magazi kuundana. Odziwika kwambiri ndi enoxaparin, amene ambiri amawatchula kuti Clexane, komanso dalteparin ndi tinzaparin. Si wodwala aliyense amene amapatsidwa. Adokotala amayamba aona kukula kwa opareshoniyo, mtundu wa khansa, mmene impso zikugwirira ntchito, ndiponso ngati munthuyo sachedwa kutaya magazi. Koma amene wapatsidwa, kaya akukhala ku Ndirande, ku Johannesburg kapena ku Leeds, mayeso ake ndi amodzi: singano imene ankabayidwa ndi anamwino tsopano ili m'manja mwake ndi mwa abale ake.

Jakisoni ameneyu sachiza khansa ndipo saletsa ululu. Ukabayidwa sumva kupepuka kulikonse m'thupi, chifukwa phindu lake ndi ngozi imene yalepheretsedwa. N'chifukwa chake kumaliza masiku onse kumafuna kumvetsa, kukhulupirika ndi banja logwirizana. Mfundo zili m'munsizi ndi zoti tizilingalire pamodzi ndi malangizo amene adokotala anu akupatsani, ndipo pamene zasiyana, tsatirani a adokotala.

1. Kutuluka m'chipatala si kutuluka m'ngozi.

Magazi analengedwa kuti aziundana pakakhala bala. Pakanapanda zimenezo, kachilonda ka mpeni wosendera mbatata kakanatha kupha munthu. Vuto limabwera akaundana m'kati mwa mtsempha, momwe sayenera kutero. Zifukwa zitatu zimene zimachititsa vutoli zimatchulidwa mpaka lero ndi dzina la Rudolf Virchow, dokotala wa ku Germany amene anafufuza nkhaniyi m'zaka za m'ma 1850: magazi kuyenda pang'onopang'ono, mtsempha kuvulala, ndi magaziwo kusintha n'kukhala osachedwa kugwirana. Wodwala khansa amene wangochitidwa opareshoni ali nazo zonse zitatu. Wagona masiku ambiri osayenda, mpeni wa dokotala wadutsa pamitsempha, ndipo khansayo imatulutsa zinthu zofulumizitsa magazi kuundana. Zili ngati phala limene mwasiya kulitakasa, silichedwa kuchita mibulu.

Ubale wa khansa ndi magazi oundana unadziwika kalekale. Armand Trousseau, dokotala wa ku France, anaulemba mu 1865. Pasanapite nthawi yaitali anaona chizindikiro cha magazi oundana pamkono wake womwe, n'kuzindikira kuti nayenso matendawa amugwira, ndipo anamwalira ndi khansa ya m'mimba mu 1867.

Kawirikawiri mbulu wa magazi umayambira m'mitsempha yakuya ya m'mwendo kapena ya m'chiuno. Ukathothoka umayenda ndi magazi, kudutsa mumtima, n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Munthu amene amaseka ndi alendo masana angabanike mwadzidzidzi madzulo, ndipo ena amamwalira asanafike n'kuchipatala komwe. Ngoziyi siithera pageti lachipatala, imapitirira kwa milungu ingapo. Mu 2002, madokotala otsogozedwa ndi David Bergqvist wa ku Sweden anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa odwala khansa ochitidwa opareshoni ya m'mimba ndi m'chiuno. Mwa odwala 100 alionse amene analandira enoxaparin kwa pafupifupi mlungu umodzi wokha, 12 anapezeka ndi magazi oundana. Mwa amene anapitiriza mpaka milungu inayi, anapezeka pafupifupi 5 okha. Masiku 28 aja anachokera ku umboni wotere.

Tisamayeze kuchira ndi zimene maso akuona zokha. Bala likhoza kuuma bwinobwino kunja pamene m'kati thupi likulimbanabe.

2. Khalani wokhulupirika ngakhale pa chinthu chimene simukumva phindu lake.

Panado ukamwa, mutu umaleka, ndipo umadziwa kuti wathandizidwa. Jakisoni uyu sakupatsa chitsimikizo chotero. Chiyeso chimabwera mlungu wachiwiri, pamene munthu wayamba kudya bwino, kudzisambitsa yekha ndi kukhala pakhonde. Amayang'ana majakisoni otsala n'kunena kuti, "Ine ndachira, awa ndi ongondizunza." Abale nawo, pomumvera chisoni, amavomereza: "Musiyeni apume lero, mudzabaya mawa." Mawa lake limasanduka mkuja, mpaka mankhwala aiwalika pansi pa sutikesi.

Mphamvu ya jakisoni mmodzi siikhalitsa m'thupi, n'chifukwa chake amafunika tsiku lililonse, pa nthawi imodzimodzi. Sankhani nthawi yogwirizana ndi imene ankakubayirani m'chipatala, ndipo muimangirire ku chinthu chimene simuphonya, kaya ndi nkhani za pa wailesi, pemphero la madzulo kapena alamu ya pafoni. Pachikani kalendala pakhoma. Mukabaya chongani tsikulo ndipo lembani mbali imene mwabaya. Mutu wa munthu wodwala umakhala ndi zambiri, ndipo madzulo ena mudzadzifunsa ngati mwabaya kale kapena ayi. Kalendala idzakuyankhani. Mukaiwala tsiku, musabaye awiri nthawi imodzi kuti mubweze. Funsiranitu anamwino musanatuluke zoti mudzachite zikadzatero.

Ntchito zambiri zosunga moyo ndi zotere: zing'onozing'ono, zobwerezabwereza, zopanda wokuwomberani m'manja. Amene amazichita osatopa ndiye amasunga banja.

3. Mantha si uchitsiru, koma amachepa munthu akadziwa chochita.

Pali abambo olimba amene anapirira opareshoni ya maola ambiri, koma manja awo amanjenjemera akaona kasingano. Musawaseke, ndipo nanu musadzinyoze. Kudzibaya wekha n'chinthu chimene thupi limakana mwachibadwa. Chimene chimagonjetsa mantha ndi kuzolowera, ndipo kuzolowera kuyambire m'chipatala momwemo. Pemphani kuti mubaye nokha kamodzi kapena kawiri anamwino akuonerera.

Kabayidwe kake ndi aka. Sambani m'manja ndi sopo. Khalani pampando kapena tsamirani pabedi pamalo owala, poti mimba yanu mukuiona bwino. Sankhani malo cham'mbali mwa mimba, masentimita osachepera 5 kuchoka pamchombo, kutali ndi bala la opareshoni ndiponso kutali ndi pamene mwabiriwira kale. Ngati bala ndi lalikulu kapena mimba ikupweteka, funsani ngati mungabaye pantchafu. Chotsani kachitsekero ka singano mosaipinda. M'kati mwa jakisoni wodzazidwa kale mumakhala kathovu kampweya. Musakatulutse pokhapokha anamwino atakuuzani, chifukwa kamathandiza kukankha mankhwala onse mpaka dontho lomaliza. Tsinani khungu ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala kuti litukuke. Lowetsani singano yonse molunjika, osati chopendekera. Kankhani mankhwala pang'onopang'ono, khungu mukadalitsinabe. Akatha, zulani singano molunjika momwe inalowera, kenako siyani khungu. Musatikite. Pakatuluka kadontho ka magazi, ingogwirizani kathonje mofatsa.

Singano yake ndi yaifupi ndiponso yopyapyala, ndipo imathera m'mafuta a pansi pa khungu, siifika m'matumbo. Ntchito yonse siitha ngakhale mphindi ziwiri. Komanso kudzibaya si kwa ophunzira okha. Anthu a matenda a shuga amadzibaya insulini tsiku lililonse. Ku Mangochi, kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018 anasonyeza kuti amayi ophunzitsidwa kudzibaya okha jakisoni wolera wa Sayana Press anapitiriza kulera mokhulupirika kuposa amene ankadikira kubayidwa ndi azaumoyo. Zimene amayi akumudzi aja anakwanitsa, inunso mukwanitsa.

4. Lichitireni chifundo thupi lanu, lapirira zambiri.

Tinene zoona: mankhwalawa amaluma. Kawirikawiri singano siipweteka kwenikweni, koma mankhwala akalowa pamanyerenyetsa kapena kuotcha kwa mphindi zingapo. Pakapita masiku, mimba imayamba kuoneka madontho akuda obiriwira, ndipo pena pamatuluka timibulu tolimba pansi pa khungu. Zimenezi zimachitikira ambiri ndipo zimatha zokha pang'onopang'ono. Zimachepa mukamasinthasintha malo, lero kumanzere mawa kumanja, mukamakankha mankhwala mosafulumira, ndiponso mukapewa kutikita. Ena amapeza mpumulo poikapo kansalu kozizira asanabaye. Lamba wa thalauza kapena mfundo ya chitenje isathine pamene mwabaya. Kuona maso a nkhono n'kudekha: wobaya mothamanga kuti zithe msanga ndiye amadzipweteka kwambiri. Koma malo obayidwa akatupa kwambiri, akatentha, akatuluka mafinya kapena khungu likayamba kuda ngati likufa, musabayenso musanaonane ndi adokotala tsiku lomwelo.

Pali ululu wina umene suli pakhungu. Mayi amene wachotsedwa chiberekero, kapena bambo amene wabwera ndi kathumba kotulutsira chimbudzi pamimba, amavutika kuyang'ana thupi lake. Tsopano tsiku lililonse akuyenera kuvundukula pamimba pomwepo n'kuonapo chipsera, ulusi ndi madontho. Ena amafika podana ndi thupi lawo, ngati lawapereka kwa adani. Thupi limenelo ndi lomwe lanyamula ana, lalima minda, ndipo ladzuka pa tebulo la opareshoni. Liyenera kugwiridwa mwaulemu. Wokondedwa wanu akamaona zipserazo, asaonetse nkhope ya kunyansidwa, chifukwa wodwala amawerenga nkhope kuposa mawu.

5. Lolani kuthandizidwa, ndipo wothandiza alemekeze wodwala.

Mutu umodzi susenza denga. Pakhomo pakhale anthu awiri odziwa kubaya, chifukwa tsiku lina wodwala adzadzuka wofooka, kapena womudwazika adzapita kumaliro. Onse awiri aphunzire kwa anamwino, osati kungouzana pakhomo.

Taganizirani mtsikana amene akudwazika mayi ake. Dzuwa lapendeka, iye wasamba m'manja, watseka chitseko kuti ana asalowe, ndipo wagwada pambali pa bedi. "Mayi, nthawi ija yakwana." Mayiwo akuusa moyo: "Dzulo tinabaya kuti?" "Kumanja, mayi. Lero kumanzere." Akumasula chitenje pang'ono, akutembenukira kukhoma. Mtsikanayo akudikira kaye mpaka amve kuti, "Baya mwanangu," ndipo pobaya akuwafunsa za nkhuku imene yayamba kuikira. Atamaliza akuponya jakisoni m'botolo lotayira singano, akuchonga pakalendala, akuwafunditsa. "Dzanja lako ndi lopepuka," akutero mayiwo. M'zochepa zimenezo muli zonse zofunika: ukhondo, chinsinsi, kupempha chilolezo ndi kufatsa.

Pachikhalidwe chathu, si aliyense amene angaone pamimba pa munthu wamkulu. Mayi angachite manyazi kubayidwa ndi mwana wake wamwamuna, ndipo bambo sangavule pamaso pa mpongozi wake. Mufunseni wodwala kuti akufuna ndani, ndipo lemekezani yankho lake. Amuna apabanja, musathawe ntchitoyi poganiza kuti kudwazika ndi kwa akazi. Amene munalumbira kusamalana naye ndi ameneyu. Ndipo wodwala amene akufuna kudzibaya yekha musamulande jakisoni. Matenda amulanda kale zambiri, ndipo kachinthu kamene akutha kudzichitira kamamubwezera ulemu wake.

Wodwazika nayenso amatopa, amaopa kulakwitsa, ndipo zimamuwawa kubaya munthu amene amamukonda. Mawu oti "zikomo" ochokera kwa wodwala ndi kwa abale ena amamupatsa mphamvu za mawa.

6. Musabise kanthu kwa adokotala.

Munthu amene akulandira mankhwala oletsa magazi kuundana sachedwa kutaya magazi, ndipo zinthu zimene kale zinali zazing'ono zimatha kukhala zoopsa. Mapiritsi a ululu amene timagula pagolosale osaganizira kawiri, monga asipirini, Brufen, diclofenac ndi Indocid, amawonjezera ngozi yotaya magazi, makamaka m'mimba. Musamwe popanda chilolezo cha adokotala. Panado ndiye amene kawirikawiri amaloledwa, pa mlingo umene mwauzidwa. Ngati mumamwa kale mankhwala ena, a mtima, a BP, a shuga kapena ma ARV, onetsani onse pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala.

Ozonda matenda sabwera chimanjamanja. Wina adzabwera ndi botolo la zitsamba, wina ndi ufa wa makungwa, wina ndi uthenga wa sing'anga wodziwa za khansa. Amachita zimenezi chifukwa cha chikondi, koma mphamvu ya zimene zili m'botolomo palibe amene anaiyeza, ndipo zitsamba zina zimasokoneza kaundanidwe ka magazi. Kutema mphini pa nthawi imeneyi n'koopsa kwambiri, chifukwa magazi akhoza kukana kuleka. Chimodzimodzinso kuzula dzino: wozulayo auzidwe kaye za jakisoni amene mukulandira. Mowa nawo upumitseni, chifukwa umavulaza m'mimba ndiponso umagwetsa.

Pali nkhani ina imene anthu amaopa kuifunsa. Enoxaparin ndi anzake a gulu la heparin amapangidwa kuchokera ku matumbo a nkhumba. Kwa Msilamu kapena wa Seventh-day Adventist, nkhaniyi ingamuvutitse mumtima. Atsogoleri ambiri a zipembedzo amaphunzitsa kuti mankhwala oteteza moyo ndi ololedwa pakafunika kutero, ndiponso alipo mankhwala ena, monga fondaparinux, amene sachokera ku nyama. Kambiranani ndi a shehe kapena abusa anu, ndipo auzeni adokotala nkhawa yanu poyera. Choopsa ndi kuvomera pamaso pa adokotala kenako n'kukasiya mwakachetechete kunyumba.

Nkhani ya ndalama nayo isabisidwe. Mankhwalawa ndi okwera mtengo, ndipo ngati mwauzidwa kukagula kufamase koma simungakwanitse masiku onse, nenani. Ngati singano yakukanikani zenizeni, nenaninso. Alipo mapiritsi oletsa magazi kuundana, monga apixaban ndi rivaroxaban, amene adokotala angaone ngati ali oyenera kwa inu. Safunsa anadya phula. Umphawi ndi mantha si milandu, ndipo dokotala sangathetse vuto limene sanauzidwe.

7. Dziwani zizindikiro za ngozi, ndipo musachite manyazi kudzutsa anthu usiku.

Jakisoni amachepetsa ngozi koma saichotseratu. Zizindikiro za magazi oundana ndi izi: mwendo umodzi kutupa kuposa unzake, kupweteka kwa katumba kapena ntchafu, malowo kutentha kapena kusintha mtundu. Zoopsa kwambiri ndi kubanika mwadzidzidzi, kupweteka pachifuwa makamaka popuma, mtima kuthamanga, kukomoka kapena kutsokomola magazi. Mwendo wotupa chotere musautikite kapena kuuthowa ndi madzi otentha, chifukwa mungathothole mbuluwo.

Zizindikiro za kutaya magazi ndi izi: kamfuno wosaleka ngakhale mwatsina mphuno kwa mphindi 10, magazi m'mikodzo, chimbudzi chakuda bii ngati phula, kusanza magazi, bala la opareshoni kuyamba kuchucha, kutaya magazi ambiri kumaliseche, chizungulire ndi kufooka kwadzidzidzi, kapena mutu kupweteka modabwitsa. Munthu akagwa n'kumenyetsa mutu, apite kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino. Amene anabayidwa jakisoni wa pamsana pa opareshoni akamva dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, athamangirenso. Mwa apo ndi apo mankhwalawa amachepetsa tizigawo ta magazi totchedwa mapulateleti, n'chifukwa chake adokotala ena amaitanitsa wodwala kukayezetsa magazi m'milungu iwiri yoyambirira. Tsiku limenelo musaliphonye.

Ulemu wathu nthawi zina umatipweteka. Wodwala amaganiza kuti, "Ndavutitsa kale anthu, ndidikire kuche." Zizindikiro zimenezi sizidikira tambala. Konzekeranitu kudakali bata: nambala ya wa galimoto kapena wa njinga yamoto ikhale m'foni, ndalama ya ulendo ikhale padera yosakhudzidwa, buku la kuchipatala ndi bokosi la mankhwala zikhale pamalo amodzi. Mukafika, mawu oyamba akhale oti, "Wodwalayu anachitidwa opareshoni ya khansa ndipo akubayidwa mankhwala oletsa magazi kuundana." Pa mafunso osafuna changu, ku Malawi mungaimbe kwaulere ku Chipatala Cha Pa Foni. Kubwezedwa kuchipatala atakuuzani kuti palibe vuto si chamanyazi ayi.

8. Chikondi chogoneka munthu tsiku lonse chimavulaza.

Timakonda kuuza wodwala kuti, "Gonani, musadzuke, tikupatsirani pomwepo." Pambuyo pa opareshoni, kugona kosalekeza ndi kumene kumaundanitsa magazi. Minofu ya m'miyendo ikamagwira ntchito imafinya mitsempha n'kukankhira magazi kumtima. Choncho wodwala ayende pang'ono kangapo patsiku, monga adokotala alolera: lero kufika pakhomo, mawa kuzungulira nyumba, mkuja kufika pamtengo wa mango. Akakhala pansi kapena akagona, azivinitsa mapazi, kuloza zala kumwamba ndi pansi. Amwe madzi okwanira, makamaka m'nyengo yotentha, pokhapokha ngati anauzidwa kuchepetsa. Ngati wapatsidwa masokosi othina a kuchipatala, avale monga anamulangizira, osawapinda pamwamba.

Ambiri amachitidwa opareshoni ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, kwawo kuli kutali. Maola ambiri m'minibasi, mawondo atapanikizika ndi katundu, ndi oipa kwa munthu wotere. Mupezereni mpando woti atambasule miyendo, ndipo galimoto ikaima atsike aponde pansi. Ulendo wautali wa pabasi kapena pandege uyambe wakambidwa ndi adokotala.

Kusamala munthu kwenikweni nthawi zina ndi kumugwira dzanja n'kunena kuti, "Agogo, tiyeni tiyendeko pang'ono," ngakhale iwo akufuna kugona.

9. Singano imene yakutetezani isakavulaze mwana wa mnzanu.

Jakisoni aliyense ndi wogwiritsa ntchito kamodzi kokha. Mukabaya, musalimbane ndi kubwezera kachitsekero, chifukwa ambiri amadzibaya chala pamenepo. Ponyani nthawi yomweyo m'bokosi la singano limene achipatala akupatsani. Ngati palibe, gwiritsani ntchito botolo lolimba la pulasitiki lokhala ndi chitsekero, mulilembe chizindikiro, muliike patali ndi ana, ndipo mukalipereke kuchipatala. Musataye singano kudzala kapena m'thumba la zinyalala. Ana amatola majakisoni n'kumaseweretsa ngati mfuti za madzi, ndipo anthu otola zinyalala amagwira ndi manja. Singano yogwiritsidwa kale ntchito ingafalitse HIV ndi matenda a chiwindi. Wodwazika akadzibaya mwangozi, asambe pamalopo ndi sopo ndi madzi, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Majakisoni osabaya asungidwe m'bokosi lake, pamalo ozizirirapo, osapitirira madigiri 25, ndipo asaumitsidwe mufiriji. M'mwezi wa Okutobala, makamaka kumadera otentha monga Chikwawa ndi Nsanje, nyumba ya malata imapitirira pamenepo. Musawaike pawindo, pafupi ndi moto kapena m'galimoto yoimikidwa padzuwa, ndipo funsani a kufamase njira yabwino yosungira kwanuko. Akatsala musagawire mnzanu amene mwendo wake watupa. Mlingo umayenderana ndi munthu, ndipo zimene zateteza inu zikhoza kupha wina.

Kudwala sikutichotsera udindo wathu pa anzathu. Ngakhale tili pa mphasa, tikhoza kusamala kuti mavuto athu asagwere osalakwa.

10. Samalani mtima monga mukusamalira thupi, ndipo malizani ulendo wonse.

Kwa ambiri, chowawa kwambiri pa jakisoniyu ndi chimene amakumbutsa. Masana munthu akhoza kuiwalako, kucheza ndi kuseka, koma nthawi yobaya ikafika mawu oti khansa amabwereranso. Masiku amenewa ndi omwenso ambiri amakhala akudikira zotsatira za chotupa chimene chinatumizidwa kukayezedwa, osadziwa ngati kutsogolo kuli mankhwala a khansa a m'diripi kapena chithandizo china. Misozi ikabwera pa nthawi yobaya, kawirikawiri si ya singano. Wodwazika asafulumire kunena kuti, "Limbani mtima, musalire." Akhale pansi, amvetsere, ndipo ngati ndi anthu opemphera, apemphere limodzi. Chikhulupiriro ndi mankhwala sizilimbana. Amene akukuuzani kuti kutaya mankhwala ndiko kusonyeza chikhulupiriro sakukufunirani zabwino.

Chisoni chikakula mpaka munthu kukana kudya, kusowa tulo kapena kunena zofuna kufa, auzeni azaumoyo. Malo monga Tiyanjane ku Queen Elizabeth ndi Ndi Moyo ku Salima amathandiza odwala ndi mabanja awo pa ululu, nkhawa ndi mavuto a pakhomo, ndipo kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu watayidwa.

Tsiku lomaliza likafika, kondwerani, mwagwira ntchito. Koma tsiku losiyira ndi limene adokotala analemba. Amene wapezeka kale ndi magazi oundana amalandira mlingo wokulirapo kwa miyezi itatu, isanu ndi umodzi kapena kupitirira. Ndipo kutha kwa majakisoni si kutha kwa chithandizo cha khansa. Tsiku lobwerera kukaonana ndi adokotala lisungidwe monga munasungira nthawi yobaya, ndipo zizindikiro za ngozi zija muzizikumbukirabe, chifukwa khansa ndi mankhwala ake zimapitiriza kuika munthu pa chiopsezo.

Musanatuluke m'chipatala, onetsetsani kuti mwayankhidwa mafunso awa: ndibaye nthawi yanji, mpaka tsiku liti, ndichite chiyani ndikaiwala, singano ndikataye kuti, ndipo zikavuta usiku ndithamangire kuti. Inu amene muli ndi m'bale, mnansi kapena mnzanu wa kumpingo amene ali pa ulendo umenewu, musangomutumizira moni. Pitani mukamuone, mumutungire madzi, mumupumitse womudwazika, muyende naye pabwalo, ndipo musachoke musanamufunse kuti, "Kodi wa lero mwabaya?"